Phunziro: Chizindikiro Chikanama, Tisafulumire Kuzimitsa Makina

Cholinga cha phunziro

Tidziwe mmene pulogalamu yoyang'anira maseva imadziwira kuti makina akugwira ntchito, chifukwa chake nthawi zina imalakwitsa, ndi zoyenera kuchita ikalakwitsa.

Mawu oti tiwadziwe

Seva: kompyuta yamphamvu yotumikira makompyuta ena usana ndi usiku.
VM: kompyuta yopanda thupi lakelake. Imakhala m'kati mwa seva ngati pulogalamu, koma imayaka ndi kuzima payokha.
Netiweki: njira imene makompyuta amalumikizirana.

Tiwerenge

Mabanki, zipatala ndi makampani a mafoni amasunga ntchito zawo pa maseva. Seva imodzi imatha kunyamula ma VM ambiri. VM ina imasunga maimelo, ina malipiro a antchito, ina mayina a odwala. Wosamalira maseva sayenda kukaona makinawa ndi maso. Amakhala pampando n'kumaona zizindikiro pa sikirini.

Titenge chitsanzo cha Proxmox VE, pulogalamu yopangidwa ndi kampani ya ku Vienna m'dziko la Austria. Pulogalamuyi inatuluka koyamba mu 2008. M'pulogalamuyi VM iliyonse ili ndi nambala yake, kuyambira pa 100. VM ikamagwira ntchito, pambali pake pamaoneka kachizindikiro kobiriwira ka ngodya zitatu. Koma tsiku lina wosamalira uja amapeza kuti ma VM onse ali ndi chizindikiro cha funso chotuwa. Mtima umamugunda. Chodabwitsa n'chakuti anthu m'maofesi akugwirabe ntchito bwinobwino, ndipo palibe amene wadandaula.

Kodi chachitika n'chiyani?

Sikirini siiona VM. Imangouzidwa. M'kati mwa seva muli kapulogalamu kotchedwa pvestatd. Pa masekondi 10 aliwonse kamafunsa VM iliyonse ndi malo onse osungira mafayilo kuti ali bwanji, kenako n'kupereka uthengawo ku sikirini. Kali ngati mthenga wa amfumu amene amazungulira mudzi khomo ndi khomo. Akafika pakhomo pena n'kumangoodira popanda womuyankha, sapitirira ulendo. Amfumu amakhala osamva kanthu, komabe anthu m'mudzimo akuphika ndi kulima monga mwa masiku onse.

Chizindikiro cha funso tanthauzo lake ndi lakuti uthenga sunafike. Sichikunena kuti VM yafa.

Nthawi zambiri kapulogalamuka kamaima chifukwa cha malo osungira mafayilo amene ali pa makina ena, monga a mtundu wa NFS. Magetsi akazima kumeneko, kapena nthambo ikazuka, pvestatd imangodikira yankho losabwera. Nthawi zina vuto ndi disiki imene yayamba kuwonongeka. Nthawi zinanso maseva ogwirira ntchito limodzi amasiya kumvana pa netiweki. Pena vuto ndi laling'ono: tsamba loonetsa zizindikirozi latsegulidwa kalekale ndipo likuonetsa nkhani yakale.

Zoterezi zimachitikanso m'mapulogalamu ena. Pa VMware, seva ya ESXi imatumiza kauthenga kwa pulogalamu yoyang'anira maseva yotchedwa vCenter pa masekondi 10 aliwonse kosonyeza kuti ili moyo. Pakadutsa masekondi 60 osamveka kanthu, vCenter imalemba kuti sevayo sikuyankha, ngakhale ma VM ake akugwirabe ntchito.

Njira yofufuzira vuto

Choyamba, tsegulaninso tsambalo. Ngati nkhani inali yakale, zizindikiro zibwerera m'malo mwake.

Chachiwiri, yesani VM yeniyeniyo. Tsegulani ntchito imene imagwira, kaya ndi imelo kapena pulogalamu ya malipiro. Mungathenso kuiitana ndi lamulo la ping. Ikayankha, ndiye kuti ili moyo.

Chachitatu, funsani seva mwachindunji. Lembani qm status 100, kapena m'malo mwa 100 ikani nambala ya VM imene mukuifuna. Seva ikayankha kuti running, VM ikugwira ntchito. Ikati stopped, yazimadi.

Chachinayi, onani malo osungira mafayilo polemba pvesm status. Lamuloli likachedwa kuyankha, kapena likasonyeza kuti malo ena sakupezeka, gwero la vuto ndi lomwelo. Pitani mukaone magetsi, nthambo ndi makina a kumeneko.

Chachisanu, mukakonza gwerolo, dzutsani kapulogalamu kaja polemba systemctl restart pvestatd. Lamuloli silizimitsa VM iliyonse. Dikirani pang'ono, zizindikiro zobiriwira zibwerera. Mukadzutsa kapulogalamuka musanakonze gwero, kaimanso pamalo omwe aja.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani zimene seva inalemba yokha polemba journalctl -u pvestatd. Pamenepo muona nthawi imene vuto linayamba. Lembani m'kope tsiku, vutolo ndi mmene mwalikonzera, kuti mnzanu wa mawa asadzayambirenso pachiyambi.

Chenjezo

Musazimitse seva yonse chifukwa cha chizindikiro chokha. Seva ikazima, ma VM onse amazima nayo, ndipo ntchito ya anthu ambiri imaima. Ikazimitsidwa mwadzidzidzi, fayilo imene inali pakati polembedwa itha kuwonongeka. Musafufutenso VM poganiza kuti yatha ntchito. Ngati simunapatsidwe udindo wolemba malamulowa, uzani wosamalira maseva zimene mwaona ndi nthawi imene mwaziona.

Mafunso

1. Kodi VM imasiyana bwanji ndi seva?
2. Kodi chizindikiro cha funso chotuwa chimatanthauza chiyani?
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene zingaimitse pvestatd.
4. N'chifukwa chiyani tiyenera kukonza malo osungira mafayilo tisanadzutse pvestatd?
5. Ngati pvestatd imafunsa pa masekondi 10 aliwonse, imafunsa kangati pa mphindi imodzi? Nanga pa mphindi 5?

Tikambirane

Mnzanu waona zizindikiro za funso pa sikirini ndipo akufuna kuzimitsa seva nthawi yomweyo. Mungamuuze chiyani? Kambiranani awiriawiri.

Tilembe

Lembani m'kope mwanu njira zisanu ndi imodzi zija m'mawu anuanu, njira iliyonse m'chiganizo chimodzi.