Asilikali a m'thupi akatembenukira mwini wake

Bambo wina mimba inayamba kumupota madzulo atangodya nsima. Anati n'kudzimbidwa chabe, namwa soda wosungunula m'madzi. M'mawa mwake mkazi wake anakamutengera mizu kwa asing'anga. Mimba inkangofufumabe, chimbudzi osabwera, ngakhale kuphwisa kumene osatheka. Atayamba kusanza, mwana wake wamkulu ndiye analimba mtima: "Bambo, izi si zodzimbidwa ayi, tiyeni kuchipatala." Anafikako tsiku lachitatu.

Ku fiyeta madokotala anapeza kuti thumbo lalikulu lapotana, ndipo popotanapo mitsempha ya magazi yafinyika. Madokotala a opaleshoni kuno ku Malawi vutoli amakumana nalo kawirikawiri, makamaka mwa amuna, ndipo amalitcha sigmoid volvulus. Anapotolola thumbolo. Linali litayamba kuda, koma magazi atayambiranso kuyenda linabwezera mtundu wake. Achibale panja anapumira m'mwamba.

Tsiku lotsatira thupi linatentha, bamboyo akupuma mobanika, mpaka anamuika pa okosijeni. Mkazi wake anafunsa mokhumudwa, "Adokotala, si munati opaleshoni yayenda bwino?" Bamboyo anapulumuka ndithu, koma anakhalitsa mu wodi, ndipo abale ena mpaka lero amati achipatala analakwitsa penapake.

Ine sindikuona cholakwa chawo. Mbali ina ya zomwe zinamupweteka ndi magazi omwewo amene anabwerera.

Mu 1986, Dale Parks ndi Neil Granger a ku America anayesa nkhaniyi pa matumbo a amphaka. Ena anawachepetsera kwambiri magazi opita m'matumbo kwa maola 4. Ena anawachepetsera kwa maola 3, kenako n'kutsegula kuti magazi ayende kwa ola limodzi. Aliyense akanaganiza kuti achiwiriwa apezako bwino, koma khungu la m'kati mwa matumbo awo ndilo linawonongeka koposa. Chaka chotsatira gulu la Granger linasonyezanso kuti ukachotsa maselo oyera otchedwa neutrophil, kapena kuwaletsa kumamatira m'mitsempha, timitsempha ta m'matumbo sitiwonongeka kwambiri.

Ma neutrophil ndi gulu lalikulu kwambiri mwa maselo oyera a m'magazi, aja tinazolowera kuwatcha asilikali a m'thupi. Thumbo likakhala nthawi lopanda magazi, maselo ake amafooka ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito. Okosijeni akabwerera mwadzidzidzi, m'maselomo mumapangika tinthu taukali towononga, ndipo makoma a timitsempha amayamba kutulutsa zizindikiro zoitana thandizo. Asilikali aja amafika mwaunyinji. Poyamba amagubuduka pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, kenako amamatirira, n'kudzipanikiza pakati pa maselo mpaka kulowa mu mnofu wa thumbo. Akafika mmenemo amathira zida zomwe amaphera majeremusi. Chimodzi mwa zidazo ndi hypochlorous acid, wa mtundu womwewo ndi mankhwala amene ali mu Jik wochapira zovala uja. Amatulutsanso elastase, yemwe amasungunula mnofu. Zidazi sizisankha, zimapweteka mnofu wa mwini thupi. Ena mwa asilikaliwo amangotsekereza timitsempha ting'onoting'ono, moti njira yaikulu imakhala yotseguka koma magazi osafika kumene akufunika.

Khoma la thumbo likayamba kuchucha, majeremusi a m'chimbudzi ndi poizoni wake amalowa m'magazi. Asilikali okwiya aja amayendanso ndi magaziwo n'kukakodwa m'mapapo, n'chifukwa chake munthu wochitidwa opaleshoni ya m'mimba amatha kubanika pachifuwa.

Musandimve molakwa, thumbo lomwe likadali lamoyo liyenera kubwezeredwa magazi, apo ayi lifa. Koma kukula kwa chipolowe chotsatirapo kumadalira nthawi imene linakhala lopanda magazi, ndipo nthawi yambiri imathera kunyumba, pa soda ndi mizu. Mankhwala oletsa ma neutrophil kumamatira anathandiza pa nyama zoyeserera, koma sanafike pokhala chithandizo chodalirika kwa anthu.

Amene amachedwa kuposa bamboyu amafika thumbo litada bii, litafa kale. Zikatero dokotala salipotolola msanga, poopa kuti zonse zomwe zaunjikana mmenemo zithamangira m'magazi. Amayamba wamanga mitsempha, kenako n'kudula mbali yowolayo. Nthawi zambiri wodwala wotere amadzuka ali ndi kathumba pamimba kolandirira chimbudzi, ndipo amakhala nako miyezi ingapo podikira opaleshoni yachiwiri yolumikiza matumbo.