Penshoni ya mlimi ili m'munda mwake

Mwezi wathawu ndikuyendera minda ku Ntchisi ndidapeza agogo ena a zaka zopitirira 70 akuunga mizere okha, khasu likuwalemera. Adalima fodya zaka zambiri, ndipo zaka zina adagulitsa bwino ndithu. Lero alibe chiweto kapena mtengo wa zipatso, ana onse ali kutauni. Nditawafunsa kuti adzapuma liti, adaseka nati, "Mwanangu, mlimi amakapumira kumanda." Mawu amenewa ndiwo andichititsa kuti sabata ino tikambirane za ukalamba.

Kuyambira mu 2011, lamulo la penshoni m'dziko muno limakakamiza olemba anthu ntchito kusungira antchito awo ndalama. Pa K100 iliyonse ya malipiro, bwana amasonkha K10 ndipo wantchito amadulidwa K5, zonse pamodzi K15. Koma mlimi wa kumudzi salandira malipiro a pamwezi, choncho alibe womudula kapena womusungira. Nawo Mtukula Pakhomo, womwe udayambira ku Mchinji mu 2006, umafikira mabanja ovutikitsitsa okha.

Tsono poti mlimi ndiye bwana komanso wantchito pamunda pake, K15 yonseyo adzidule yekha. Pa matumba 20 aliwonse amene wagulitsa, ndalama ya matumba atatu ikhale ya ukalamba. Inenso ndilibe bwana wondisungira, ndipo ndimatsata njira yomweyi.

Nanga tisunge motani? Ndalama yobisa pansi pa mphasa imatha mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene adasunga ndalama m'nyumba adapeza kuti sikugulanso katundu amene amayembekezera. Banki mkhonde ndi yabwino, koma mukagawana kumapeto a chaka, gawo lina ligule chinthu chokhalitsa. Zinthu zake ndi izi.

Choyamba ndi mitengo. Mango okwatitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Makademiya, amene amachita bwino m'madera okwera ngati Ntchisi, Neno ndi Thyolo, amayamba pakatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo amabereka kwa zaka makumi angapo. Mtedza wake umagwa wokha ukakhwima, moti nkhalamba imangotola, osawerama ndi khasu.

Chachiwiri ndi ziweto. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo yosamalidwa bwino itha kuswa katatu pa zaka ziwiri. Imangireni khola la m'mwamba kuti isadwaledwale komanso manyowa asavute kutolera. Mtengo wa mbuzi umakwera limodzi ndi mitengo ya zinthu zina.

Chachitatu ndi nthaka. Munda woguga umafuna feteleza wambiri, pamene nkhalamba ilibe pomupezera. Thirani manyowa, bzalani nandolo, ndipo musadule msangu. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba chimanga koma umawonjezera chonde.

Ndikudziwa kuti abambo ena a chikamwini amachita ulesi kubzala mitengo, poopa kuti banja likatha adzaisiya. Nkhani imeneyi ikambidwe poyera pakati pa bambo, mayi ndi ankhoswe mbande zisanalowe pansi, osati mitengo itayamba kubereka.

Pomaliza, yesani ngati zomwe mwasungazo zingakwane. Werengani matumba a chimanga amene mumadya pachaka, muonjezepo ndalama ya aganyu, ya sopo ndi mchere, komanso ya ulendo wa kuchipatala. Kenaka dzifunseni kuti, nditasiya khasu lero, mitengo ndi ziweto zanga zingalipire zimenezi? Ngati yankho ndi ayi, mvula ya chaka chino isakupitirireni musanabzale mbande ngakhale khumi. Alimi anzanga, chakudza sichiyimba ng'oma.