Lendi ya ku Senga Bay ndi miyezi ya mwera

Ana inu, ambiri mwa inu mumagona m'nyumba za lendi, ndipo ena makolo anu ndiwo malandilodi. Choncho lero pasakhale kulozana zala. Tulutsani makope, tiwerengere limodzi.

Tiyambe ndi amene amafuna nyumba kuno. Kuchokera pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo m'mbali mwa msewu umenewu mwadzaza nyumba za midadada. Mumakhala aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mahotela monga Sunbird Livingstonia, akabaza, amayi a geni ya usipa, ndi alovi, ena a iwo ochokera kutali ngati ku Nkhata Bay. Anthuwa ali magulu awiri: olandira pakutha pa mwezi, ndi olandira nyanja ikalola. Lendi siidziwa kusiyana kumeneku. Imafunika pa 30, kaya chilimira chalowa m'madzi kaya chagona pamchenga.

Tsono kuyambira cha mu Meyi kufikira Ogasiti kumaomba mwera. Maboti amatha masiku osapita panyanja. Mlovi akasowa, wogulitsa usipa wasowa, wakabaza amene amanyamula madengu wasowanso. Lendi ya chigawo chonse imachedwa nthawi imodzi.

Musaganize kuti landilodi wa kuno ndi bwana wa galimoto wa ku Area 43. Kawirikawiri ndi mayi wamasiye, kapena bambo wopuma pantchito, amene anamanga zipinda zinayi kuseri kwa nyumba yake ndi ngongole ya banki mkhonde. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera mtengo, koma m'thumba mwa wochita lendi simunakwere kanthu. Mu 2024 nyanja inadzaza n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete. Ena ntchito inaima, ena anasamukira kumtunda kukapikisana pa zipinda zomwe zija.

Tiyerekeze, manambalawa ndi a pabolodi chabe. Mayi ali ndi zipinda zinayi, chilichonse K25,000 pa mwezi. Mlovi wa chipinda chakumapeto sanalipire Meyi ndi Juni: ngongole K50,000. Mayi akwiya, amutulutsa kumayambiriro kwa Julayi. Ndani alowe m'chipindamo mwera uli mkati? Chikhala chopanda munthu mpaka Sepitembala, K50,000 ina yapita. Onjezani laimu ndi loko watsopano. Nanga ngongole yoyamba ija? Yakwera matola ndi mwini wake, ili ku Nkhotakota. Mayi ataya ndalama zoposa K100,000 pofuna kupulumutsa K50,000. Akanalembetsana kuti munthuyo azibweza pang'onopang'ono nyanja ikadekha, mwina akanapeza zonse, mwina theka, koma theka limaposa chipinda chogona mileme.

Sindikuti mayiyo ndi wopusa ayi. Alipo alendi amene amasamuka usiku, kusiya bilu ya madzi ya Central Region Water Board ili phwii, mwini nyumba n'kudulidwa mpope pa madzi amene sanamwe. Ndipo a banki mkhonde sadikira kuti mwera uleke. Ndicho chifukwa chake malandilodi ambiri amafuna mphunzitsi kapena namwino, kapena amati mulipiretu miyezi itatu. Zotsatira zake, munthu wa panyanja, amene ndiye mwini chuma cha dera lino, ndi amene amavutika kwambiri kupeza pogona.

Za malamulo mumve bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu amapalamula. Kuzula chitseko, kusasula malata, kapena kutaya katundu wa munthu panja si njira yovomerezeka, ngakhale munthuyo ali ndi ngongole. Wolipira mwezi ndi mwezi amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi wathunthu. Akakana kutuluka, nkhani imapita ku khoti, ndipo khoti likagamula, otulutsa munthu ndi masherifu, osati achibale a landilodi atanyamula nyundo. Kuno kwa Maganga ambiri amayamba kwa amfumu, ndipo nkwabwino, chifukwa khoti limadya nthawi ndi ndalama zoyendera. Koma kaya kwa amfumu kaya kwa majisitireti, funso loyamba ndi limodzi: munagwirizana zotani, ndipo umboni uli kuti? Apa ambiri amangoyang'anana. Kope la masamu ngati lanulo, lolembamo tsiku, ndalama ndi siginecha za onse awiri, limathetsa mlandu umene ukanatha sabata.

Ntchito ya kunyumba: tengani zipinda zinayi za mayi uja, alendi awiri akhale olandira pamwezi, awiri a panyanja. Mupange dongosolo la malipiro a chaka chonse loti mayiyo apeze K1,200,000 yake popanda wotulutsidwa mu Julayi. Ndiona makope Lachinayi.