Mabilinganya ootcha: abwana akakana maganizo anu

Funso: Ndimaphika pa malo ena ogona alendo pa boma la Ntcheu. Anthu a misonkhano amadandaula kuti nsima imachedwa, choncho ndidapempha kuti podikira tiziwapatsa mabilinganya ootcha, ophwanyaphwanya, azisunsira buledi. Abwana adangoti, "Kuno anthu sadya zimenezo." Ndichite bwanji?

Yankho: Achemwali, maganizo anuwo ndi abwino, musawataye. Chakudyachi n'chotchuka ku Lebanon ndi ku Syria, kumene amachitcha baba ghanoush, ndipo amachidyadi poyamba, chakudya chenicheni chisanafike. Komanso abwana anu sadalakwitse. Munthu wa kuno adazolowera mabilinganya a m'ndiwo, otentha, okhala ndi tomato. Mukamupatsa ozizira m'kambale ayamba wafunsa kuti n'chiyani.

Ndiye musatsutsane nawo pamaso pa antchito anzanu. Abwana amamva zinthu ziwiri: kukoma ndi mtengo. Pezani mtengo wa mulu wa mabilinganya pa msika wa pa boma, ndipo ngati alipo wopita ku Lizulu kapena ku Tsangano kukagula kabichi ndi mbatatesi, akakufunsireni komweko. Lembani papepala: mabilinganya, mandimu, adyo, mafuta, makala, ndi anthu angati amene angadye. Tsiku lopanda msonkhano phikani pang'ono, muwapatse alawe ali okha, pepalalo lili pambali.

Mbale yoyambayo ndiyo idzakulankhulirani, choncho isamaleni. Sankhani mabilinganya olimba, a khungu lonyezimira; okhwima kwambiri amachuluka njere ndipo amawawa. Abooleni ndi foloko kuti asaphulike, muwaike pa makala enieni a mbaula, osati mu uvuni, chifukwa kukoma kwake konse kuli m'fungo la utsi. Tembenuzani mpaka khungu lipsereretu, bilinganya lifote, lifewe mpaka m'kati. Ambiri amaphula msanga poopa kuda kwa khungulo, n'kupeza pakati pali pouma. Akazizira pang'ono sendani ndi manja. Musawatsuke, madzi amachotsa fungo lija. Aikeni pa sefa kuti msuzi wowawa ukhe, kenako phwanyani ndi foloko. Thirani mandimu msanga kuti asade.

Aluya amaikamo chitowe chopera. Ngati chavuta kupeza, chiponde pang'ono chimagwira ntchito, ndipo ine ndimaona kuti chimathandizanso mlendo wa kuno, poti kukoma kwa mtedza adakuzolowera m'ndiwo zotendera. Kungoti wopereka chakudya azinena kuti muli mtedza, chifukwa pali anthu amene mtedza umawadwalitsa.

Chimene abwana angaope kwenikweni ndi ichi: chakudya chodya chozizira sichibwereranso pamoto. Chisakhale patebulo kupitirira maola awiri, ndipo magetsi akazima usiku, chotsala m'firiji chitayidwe. Muwauze nokha zimenezi asanakufunseni, adzaona kuti mwaganiza mofatsa.

Akavomera, pemphani kuyesa pa msonkhano umodzi wokha, mbale zing'onozing'ono, popanda kuwonjezera mtengo. Anzanu operekera chakudya alawe kaye kuti adziwe choyankha mlendo akafunsa. Mbale zikamabwerera kukhitchini, werengani zopanda kanthu ndi zosakhudzidwa, mukawauze abwana chiwerengerocho monga chilili. Ndipo muphunzitse mnzanu mmodzi kaotchedwe kake, chifukwa abwana sadzaika pa menyu chakudya chimene chimasowa tsiku limene inu muli pa ofu.