Chithunzi chikalemera, chichepetseni chonchi

Teremu yatha amalume anga a ku Joni anandilonjeza njinga, koma anati ayambe aona kaye lipoti langa. Inu amene mumalawirira wapansi ngati ine mukudziwa kuti nkhani ya njinga si yocheza. Ndinabwereka foni ya achimwene, n'kujambula lipoti lili pamkeka, n'kutumiza pa WhatsApp. Yankho linabwera: “Masamuwa ndi 38 kapena 88?” WhatsApp imafinya yokha chithunzi, ndiye manambala anafufutika. Ndinatumizanso ngati Document kuti chipite mmene chilili, koma chinali 4 MB. Ndi netiweki yathu ya kuno ku Lungwena, chinangozungulirazungulira mpaka bandulo inatha.

Nazi zimene ndaphunzira.

Chithunzi cha m'foni ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Kamera ya 12 megapixel imajambula madontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Chulukitsani nokha: 12 miliyoni! Mukadula mbali zonse ziwiri ndi theka, 2000 ndi 1500, atsala 3 miliyoni basi. Si theka ayi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Masamu a Fomu 2 omwewa, eti?

Koma musathamangire kumeneko. Yambani ndi Crop, imene ili mu Edit ya pafupifupi foni iliyonse. Chithunzi changa chija, mbali yaikulu inali mkeka, chala changa ndi mwendo wa nkhuku. Zonsezo zimadya bandulo, pomwe amalume amafuna pepala lokha. Dulani mpaka chitsale chofunikacho.

Kenako Resize. Pa kompyuta ili mu Paint, komanso mu GIMP, pulogalamu yaulere, mmene amaitcha Scale Image. Pa pepala limodzi, mbali yaitali ikakhala 1600 zilembo zimawerengeka bwinobwino. Lembani nambala ya mbali imodzi, inayo isinthe yokha, apo ayi nkhope imatuluka yophwatalala ngati chitumbuwa.

Posunga sankhani JPEG, chifukwa PNG imalemera pa zithunzi za kamera. GIMP imafunsanso Quality. Ine ndimaika 80. Mukatsitsa kwambiri, zilembo zimachita mbuu.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: chepetsani kope, osati chithunzi choyambacho. Usipa ukauma pathandala umapepuka, umayenda mpaka ku Limbe osavuta, koma ngakhale muunyike m'madzi subwereranso kukhala wauwisi. JPEG ndi chimodzimodzi. Zimene yataya yataya, ndipo mukamaisintha n'kuisunganso kambirimbiri imanka niwonongeka.

Lipoti langa nditalidula ndi kulichepetsa linatsika pansi pa 400 KB. Ndinalikuza ndi zala kaye kuti ndione ngati nambala iliyonse ikuwerengeka, n'kulitumiza ngati Document. Linapita kamodzin'kamodzi.

Masamu anali 68. Amalume akuti njinga ya 68 ibwera yopanda belu.