Mwana watentha thupi, kampu yamubweza: ajombe kuntchito ndani?

Kalata ya sabata ino yachokera ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, mzinda womwe kuli Amalawi ochuluka ndithu. Wailemba ndi mayi wa ana awiri, wachisamba wa zaka 10 ndi wamng'ono wa zaka 6, yemwe amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Sukulu kumeneko zimatsekera mu Juni mpaka mu Ogasiti, ndipo poti ntchito simatsekera nawo, iye ndi mwamuna wake amalipira kampu ya masana komwe ana amakasewera, kusambira ndi kudya mpaka makolo ataweruka.

Tsiku lina foni inalira ali mkati mosambitsa gogo wina: wamng'ono uja watentha thupi, bwerani mudzamutenge msanga. Atafika anamuuza kuti mwanayo asapondenso pakampupo mpaka atatha maola 24 ali bwinobwino popanda mankhwala. Mayiyu anajomba masiku awiri, malipiro anamudula, za kampu sizinabwezedwe, ndipo bambo a kunyumba, omwe amagwira ntchito pafakitale ina kutsidya kwa malire ku Michigan, anangoti kudwazika mwana ndi ntchito ya amayi. "Azakhali," akutero mayiyu, "mnzanga akuti ndizingomumwetsa Tylenol m'mamawa n'kukamusiya, ati aliyense amatero. Kodi ndikhala ndalakwa? Kwathu ku Ntcheu mwana akatentha thupi amangogona pamkeka kwa agogo ake, iwe n'kumapita kuntchito mtima uli m'malo."

Azakhali ayamba ndi nzeru ya mnzakeyo, ndipo aikana. Tylenol ndi Panado yemweyu, dzina lokha ndiye lasintha, ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola 4 mpaka 6. Mwana womwetsedwa 7 koloko m'mawa adzakhala atayambanso kutentha nthawi ya nkhomaliro, ali padzuwa pabwalo la mpira, mutu ukuwawa, madzi sakumwa. Foni idzalirabe. Kusiyana kwake n'kwakuti idzalira mayi ali pakati pa shifiti, pomwe kupempha kuchoka kumakwiyitsa bwana kuposa kuimbiratu foni mbandakucha kuti apeze wina wolowa m'malo. Komanso ana sabisa mawu: akangofunsidwa, wamng'onoyo adzanena yekha kuti amayi anandipatsa mankhwala ofiira aja tisananyamuke, ndipo kuyambira pamenepo a kampu sadzakhulupiriranso chilichonse chochokera kunyumba imeneyo. Pa asipirini pokha Azakhali akweza mawu: mwana wa chimfine kapena katsabola asamwetsedwe, chifukwa angayambitse Reye's syndrome, matenda omwe amawononga chiwindi ndi ubongo.

Lamulo la maola 24 si nkhanza za kampu imodzi. Bungwe loona za matenda ku America la CDC limalangiza chimodzimodzi, ndipo malangizo ake a mu Malichi 2024 okhudza chimfine, fuluwenza ndi Covid-19 akuti munthu abwerere pagulu atayamba kupeza bwino komanso atatha tsiku lathunthu osatentha thupi, osamwa chotsitsa kutenthako. Muyeso womwe makampu ambiri amatsata ndi madigiri 38, omwe pa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ka kumeneko amawerengeka 100.4. Pa kusanza ndi kutsegula m'mimba ena amafika pa maola 48, ndipo chomwe amaopa ndi kachilombo ka norovirus, komwe kamatha kugwetsa gulu lonse la ana m'masiku ochepa. Kameneka sikafa bwino ndi mankhwala opaka m'manja aja. Kamafuna sopo ndi madzi. Mwana yemwe anapatsira wa mayiyu chimfine n'kutheka kuti naye anabwera atamwetsedwa Tylenol ndi mayi wina wothedwa nzeru.

Sikuti lamulo lililonse la kampu ndi lopatulika ayi. Pa nsabwe za m'mutu, mwachitsanzo, bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics limati mwana asabwezedwe kunyumba chifukwa cha zimenezo zokha, ndipo kholo lingathe kukambirana ndi a kampu mwaulemu, chikalata cha dokotala chili m'manja.

Koma pomwe Azakhali aima nthawi yaitali ndi pa bambo aja. Boma lalikulu la America lilibe lamulo lokakamiza mabwana kulipira wantchito tsiku lomwe wadwala kapena wadwazika mwana. Chigawo chilichonse chimadzionera chokha, ndipo Indiana ilibe lamulo lotero. Michigan ili nalo. Kuyambira mu Febuluwale 2025, lamulo lotchedwa Earned Sick Time Act limapatsa wantchito ola limodzi lolipidwa pa maola 30 aliwonse omwe wagwira, mpaka maola 72 pachaka pamakampani a antchito opitirira 10, ndipo maolawo amaloledwa kugwiritsidwa ntchito posamalira mwana wodwala. Ndiye taonani mmene zinthu zilili m'nyumba imeneyi: mayi akajomba, ndalama ya tsikulo yapita, bambo akajomba, n'kutheka kwambiri kuti malipiro awo abwera athunthu. Banja likutaya ndalama ya lendi pofuna kusunga mwambo woti mwamuna sagwira kansalu konyowa pamphumi pa mwana.

"Mwana wanga," akutero Azakhali, "usakayambe ndi mawu oti inu simundithandiza. Ukatenge pepala la malipiro la bambowo, mukhale pansi nonse usiku ana atagona, muone maola omwe asonkhana." Mwamuna yemwe sangamve za chilungamo nthawi zambiri amamva za madola. Ndipo kudwazika kwake si kwa mtengo wapatali: kuyeza thupi, kumwetsa madzi pafupipafupi, phala, katuni pa TV, kuimbira dokotala zikasintha. Bambo woyendetsa makina pafakitale sangalephere zimenezi.

Anzake ena amuuza mayiyu za FMLA, lamulo la 1993 lomwe limapereka masabata 12. Limateteza ntchito koma silipereka malipiro, limakhudza makampani a antchito 50 kapena kuposa, ndipo munthu ayenera kukhala atagwirapo chaka chathunthu ndi maola 1,250. Ndi la matenda aakulu, monga mphumu yobwerabwera kapena mwana wogonekedwa m'chipatala. Chimfine cha masiku awiri nthawi zambiri sichilowamo.

Nanga agogo a ku Ntcheu aja? Chomwe mayiyu akusowa kwenikweni ndi munthu wachitatu, ndipo kunja munthu wotere sapezeka pa tsiku la vuto. Amakonzedwa mu Meyi, sukulu zisanatseke. Amalawi a kumeneko amadziwa kale kusonkha za maliro ndi kuyendetsa chipereganyu, ndipo masiku opuma angathe kuyendetsedwa chimodzimodzi: mabanja atatu kapena anayi a shifiti zosiyana alembe papepala kuti ndani ali panyumba Lolemba, ndani Lachinayi. Pali zoti asamale. Mwana wosanza asapite kunyumba yodzaza ana ena kapena komwe kuli khanda. Wodwazikayo ndiye abwere. Wogwira usiku asamawerengedwe ngati ali pa tchuthi, chifukwa masana ndiyo nthawi yake yogona. Mayi wachikulire wa kumpingo yemwe anapuma pantchito ndi dalitso, koma azipatsidwa kangachepe m'manja, asamangothokozedwa pakamwa mpaka atatopa n'kusiya kuyankha foni. Ndipo mayina a anthu onsewa alembedwe pa fomu ya kampu, chifukwa kumeneko sapereka mwana kwa munthu yemwe sanalembedwe, ngakhale atalumbira kuti ndi azakhali ake enieni. Amafunsa chiphaso chokhala ndi chithunzi.

Kusiya wodwalayo m'manja mwa wachisamba wa zaka 10 Azakhali akaniratu. Kumudzi mwana wa msinkhu umenewo amabereka mng'ono wake kumbuyo ndipo palibe amadabwa. Ku Indiana woyandikana naye nyumba amaimba foni, a Department of Child Services amagogoda pakhomo, ndipo nkhani yake siitha msanga.

Chinthu chimodzi chomwe kampu singachiganize koma kholo la Chimalawi liyenera kuchikumbukira ndi malungo. Mabanja ambiri amapita kumudzi pa tchuthi chomwechi. Mwana akatentha thupi patangopita masiku kapena masabata chibwerere ku Malawi, asadikire maola 24 alionse. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo dokotala auzidwe momveka kuti mwanayu anali kudera la malungo, chifukwa dokotala wa ku Indiana sayamba waganiza za udzudzu.

Za ndalama zomwe sizinabwezedwe, mayiyu akawerengenso pepala lomwe anasaina polembetsa. Makampu ambiri sabweza za tsiku limodzi kapena awiri, poti antchito awo amalipidwabe, koma ena amalola kusamutsira masikuwo ku sabata ina ngati pali kalata ya dokotala, ndipo wosapempha sapatsidwa. Chaka chamawa afunse zimenezi asanalipire, afunsenso za thandizo la mabanja opeza zochepa, lomwe mabungwe monga YMCA amakhala nalo. Malisiti asawataye. Ndalama zolipira kampu ya masana ya mwana wosakwana zaka 13, makolo onse ali pantchito, zimawerengedwa pochepetsa msonkho kudzera pa Form 2441, mpaka madola 3,000 pa mwana mmodzi ndi 6,000 pa ana awiri kapena kuposa. Kampu yogonera konko siwerengedwa. Fomuyo imafuna dzina, adiresi ndi nambala ya msonkho ya kampuyo, choncho aipemphe Ogasiti asanathe, ofesi isanatsekedwe.