Mtima ukatopa, impso nazo zimavutika



Kuno ku Songani tikamva kuti anganga kapena amjomba ali ndi BP, timangoganiza za mtima basi. Ine lero ndikufuna tiganizirenso impso, chifukwa ziwalo ziwirizi zimadalirana kwambiri.

Pa magazi onse amene mtima umapopa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 limapita ku impso kuti likasefedwe. Ndiye mtima ukafooka, impso zimalandira magazi ochepa. Zikatero zimayamba kusunga madzi ndi mchere m'thupi, komanso kutulutsa timadzi tina tokweza BP. Mtima wotopa kale uja umalandira katundu wina pamwamba. BP yokwerayo imawononganso timitsempha tosefa magazi mu impso, mtima n'kumavutikirabe. Mwaona mmene vutoli limazungulirira?

Anthu awiri amene amayambitsa mkanganowu kawirikawiri timawadziwa: BP ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera. Choopsa n'chakuti impso zimawonongeka mwakachetechete. Pofika potupa mapazi ndi nkhope, kubanika pogona, kapena mkodzo kuchita thovu, zimakhala kuti zapita patali. Zikalekeratu, munthu amafunika makina a dialysis kangapo pa sabata, ndipo ife a kuno ndiye kuti ulendo wa ku Queens ku Blantyre. Tangoganizani thiransipoti yake.

Ndiye ife achinyamata tingatani?

1. Tiperekeze makolo ku chipatala cha Domasi kapena Zomba Central akayezetse BP ndi shuga. Ikamafika 140/90 mobwerezabwereza, tifunse adokotala kuti, “Nanga impso zili bwanji?”
2. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo wa m'tchipisi ndi kanyenya wa pamsika uja.
3. Tisamangowagulira Brufen kapena Indocid pa golosale mwendo ukawawa. Mankhwalawa amapweteka impso.
4. Mankhwala a BP asasiyidwe chifukwa choti “ndapeza bwino”.
5. Wodwala mtima kapena impso ayambe waonana ndi dokotala asanamange swaumu.

Funso langa kwa inu ndi ili: mayi anu adayezetsa liti BP komaliza? Ngati simukudziwa, afunseni lero lomwe.